ALP yanga yatsika, kodi ndisiye mankhwala?

Mayi ena andilembera pa imelo sabata ino. Anawapeza ndi matenda a chiwindi otchedwa primary biliary cholangitis, kapena kuti PBC, ndipo amwa mankhwala otchedwa ursodeoxycholic acid kwa miyezi isanu. Pepala la zotsatira za magazi likusonyeza kuti ALP, chizindikiro cha m'magazi chimene chimakwera ndulu ikamalephera kuyenda bwino m'chiwindi, yatsika kuchoka pa 410 kufika pa 180. Akufunsa kuti: "Kodi ndachira? Ndingasiye? Nanga n'chifukwa chiyani thupi likuyabwabe?"

Mayi, ndakondwera nanu kwambiri. Koma chonde musasiye.

Pa matenda amenewa chitetezo cha m'thupi chimaukira tinjira ting'onoting'ono ta ndulu m'kati mwa chiwindi. Ndulu ikasowa podzera imadikha, ndipo ma asidi ake aukali amayamba kuwononga maselo. N'chifukwa chake ALP ndi chizindikiro china cha m'magazi chotchedwa GGT zimakwera. Mankhwala anuwo nawonso ndi asidi wa mu ndulu, koma wofatsa. Anayamba kudziwika mu ndulu ya chimbalangondo, ndipo m'thupi la munthu amapezeka pang'ono chabe. Mukamamwa tsiku ndi tsiku amachuluka n'kulanda malo a aukali aja, ndulu n'kumayenda bwino. ALP ndi GGT zimatsika m'miyezi yoyambirira, ALT ndi AST, zimene zimasonyeza kuwonongeka kwa maselo a chiwindi, nazonso zimatsika. Bilirubin, chinthu chachikasu cha mu ndulu chimene amayezanso m'magazi, muziyang'anitsitsa, chifukwa ndi imene imanena zambiri za tsogolo la chiwindi.

Chimene mankhwalawa sachita ndi kuletsa chitetezo chija kuukira. Mukangosiya, manambala amakweranso. Ndi mankhwala a moyo wonse, ndipo madokotala amadikira miyezi 12 asanagamule ngati akukuthandizani mokwanira.

Mlingo wake ndi 13 mpaka 15 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi patsiku. Munthu wa makilogalamu 70 amamwa pakati pa 910 ndi 1,050 mg. Mukanenepa kapena kuwonda kwambiri, auzeni adokotala. Ndipo musaonjezere nokha pofuna kuti manambala atsike msanga. Izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa kafukufuku wa mu 2009 pa matenda ena a njira za ndulu, a PSC, anapeza kuti odwala amene ankamwa 28 mpaka 30 mg pa kilogalamu anali ndi zotsatira za magazi zooneka bwino, koma chiwerengero cha amene anadwala kwambiri chinali chachikulu pakati pawo kuposa pakati pa amene sankamwa.

Za kuyabwa, ndikumva chisoni nanu, makamaka usiku munthu ukamakanda m'manja ndi kumapazi mpaka tulo kutha. Mankhwalawa nthawi zambiri sathetsa kuyabwa kapena kutopa, ngakhale chiwindi chikupeza bwino. Adokotala angakupatseni mankhwala ochepetsa kuyabwa otchedwa cholestyramine. Koma ameneyu amagwira ursodeoxycholic acid m'matumbo n'kumulepheretsa kulowa m'magazi, choncho musamwere limodzi. Siyanitsani ndi maola anayi.