Magazi a ana odwala malungo akuwala kwambiri: kodi ndi chitetezo champhamvu?

Wophunzira wina wa za labotale kuno ku Chipata wanditumizira imelo. Akuyeza kuwala kumene maselo oyera a m'magazi amatulutsa, ndipo wapeza kuti magazi a ana odwala malungo, ochokera ku Katete m'timabotolo ta chivindikiro chapepo, akuwala kuposa a ana abwinobwino a m'tauni muno. Akufunsa ngati angalembe kuti malungo amalimbitsa maselowa.

Musalembe zimenezo, mphwanga. Mwina n'zoona, koma muyeso wanuwu sunanene choncho.

Selo la neutrophil, mtundu wina wa maselo oyera, likameza kachilombo, enzyme ya NADPH oxidase imatenga okosijeni n'kupanga superoxide. Iyi imasanduka hydrogen peroxide, kenako enzyme ina ya myeloperoxidase imaiphatikiza ndi chloride n'kutulutsa hypochlorous acid, mankhwala omwe aja amapha majeremusi mu Jik. Robert Allen ndi anzake anasonyeza mu 1972 kuti pa ntchitoyi maselo amatulutsa kuwala, koma kochepa zedi. N'chifukwa chake timathira luminol, imene ikakumana ndi mankhwala aukaliwa imawala mwabuluu, pafupi ndi 425 nm (nm ndi muyeso wa utali wa mafunde a kuwala, umene umasonyeza mtundu wa kuwalako).

Vuto lanu lagona pa nambala imeneyi. Hemoglobin, imene imafiiritsa maselo ofiira a m'magazi, imameza kwambiri kuwala kwa pafupi ndi 415 nm, pafupifupi pamalo omwewo. Mwana wa malungo nthawi zambiri amakhala woperewera magazi. Tiyerekeze kuti wodwalayo ali ndi hemoglobin ya 6 g/dL ndipo mnzake ali ndi 12. Ngakhale maselo awo oyera atagwira ntchito mofanana ndendende, magazi a wodwalayo adzawala kwambiri chifukwa muli maselo ofiira ochepa otchinga kuwalako. Makina a luminometer sasiyanitsa zimenezi, amangowerenga kuwala kumene kwawafikira.

Ndiye pali chiwerengero cha ma neutrophil enieniwo. Mwana amene thupi latentha akhoza kukhala ndi ochuluka kapena ochepa kuposa masiku onse. Komanso anthu ambiri a kuno ku Africa alibe puloteni yotchedwa Duffy pa maselo awo ofiira, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ndi ma neutrophil ocheperapo m'magazi ngakhale ali bwinobwino. Kuwala kumene simunakugawe ndi chiwerengero cha maselo kulibe chimene kukuuzani. Ndipo ndinene mosabisa: woyang'anira kafukufuku amene amavomereza tchati cha ma RLU (nambala za kuwala zimene luminometer imapereka) okhaokha, popanda full blood count (chiwerengero cha maselo onse a m'magazi) pambali pake, akumulakwira wophunzira wake. RLU si muyeso ngati kilogalamu. Makina ena apereka nambala ina pa magazi omwewo, ndipo ngakhale makina amodzi amasintha tsiku ndi tsiku.

Timabotolo tapepoto nato tandikwiyitsa. Muli EDTA yoletsa magazi kuundana, imene imamanga calcium, pamene maselowa amafuna calcium kuti ameze zymosan (tizidutswa ta yisiti towaputira) kapena kuti adzuke ndi mankhwala owaputira otchedwa fMLP. PMA, imene nayo timaputira maselowa, imalambalala njira ya calcium imeneyi n'kukagunda enzyme ya protein kinase C mwachindunji, motero imatha kubisa vutolo, koma kubisa si kukonza. Anthu amatenga tapepo chifukwa ndi timene timapezeka m'wodi iliyonse, basi.

Nanga ulendo wa ku Katete? Ma neutrophil sachedwa kufooka. Magazi a odwala akhala maola angapo m'galimoto pa Great East Road kutentha kwa Okutobala, pamene a ana abwinobwino mwawatenga m'mawa womwewo pafupi ndi labotale. Mukuyerekeza ulendo, osati matenda. Kuwaika pa ayezi sikuthandizanso, chifukwa maselo ozizidwa akatenthedwanso amadzuka okha musanawaputa. Malaiti akazimanso muyeso uli mkati, kutentha kumatsika pansi pa 37°C, ndipo mbale ya timabowo imene mukuyezeramoyo ingotayani, osailumikiza ndi ya mawa.

Zoti muchite

Tengani magazi m'timabotolo ta chivindikiro chobiriwira ta heparin, magulu onse awiri tsiku limodzi, ndipo muwayeze pasanathe maola 2 kapena 3. Asungunuleni 1:100 kapena kuposa mu HBSS (madzi a mchere osungiramo maselo) yokhala ndi calcium ndi magnesium koma yopanda utoto wa phenol red, chifukwa nawo umameza kuwala. Ngati zida zilipo, kupatula ma neutrophil okhaokha n'kwabwino koposa, maselo 100,000 pa kabowo kalikonse. Gwiritsani mbale yoyera, osati yoonekera mkati. Luminol muisungunule mu mankhwala osungunulira otchedwa DMSO, muisunge mumdima, ndipo m'kabowo ikhale pakati pa 10 ndi 100 µM. Werengani mphindi iliyonse kwa ola lathunthu, osati kamodzi kokha; fMLP yokha imafika pachimake m'mphindi ziwiri zoyambirira, ndiye iwerengeni pafupipafupi.

Pakhale kabowo kopanda maselo, kena ka maselo osaputidwa, ndi kena ka DPI yotseka NADPH oxidase. Ngati DPI sinazimitse kuwalako, chimene chikuwalacho si chimene mukufufuza.