Ndilembe chiyani za bambo anga, poti sanali bwana wotchuka?

FUNSO: Akonzi, bambo anga anatisiya chaka chatha. Anabadwira mumzinda momwe tikukhalamu, anakulira momwemu, ndipo anagwira ntchito kukhonsolo, kunthambi ya ngalande ndi masuweji, mpaka kupuma. Abale andipempha kuti ndilembe mbiri yawo yoti zidzukulu zidzawerenge. Ndikati ndiyambe, zonse zikungothera m'mizere isanu: kubadwa, sukulu, banja, ntchito, imfa. Kunyumba za kuntchito sankazikamba. Ndiyambire pati? — Mwana wawo wachisamba

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Mizere isanuyo musaitaye, ndiwo mafupa a nkhani yanu. Chomwe chikusowa ndi ntchito yeniyeniyo, ndipo ntchito ya bambo anu ndi yovuta kuiona chifukwa ikagwiridwa bwino palibe amaizindikira. Mvula ikagwa usiku wonse m'mawa anthu n'kudzuka nyumba zili zouma, palibe amafunsa kuti anatsegula ngalande ndani.

Taganizirani za London. M'chilimwe cha 1858 mtsinje wa Thames unanunkha koopsa chifukwa cha zonyansa za mumzinda, mpaka aphungu a nyumba ya malamulo anavomereza kuti pamangidwe masuweji atsopano. Anatsogolera ntchitoyo anali injiniya wa boma, Joseph Bazalgette. Kolera itabukanso mu 1866, inapha kwambiri kum'mawa kwa mzindawo, komwe masuweji atsopano anali asanayambe kugwira ntchito. Bazalgette anamuikira chipilala m'mbali mwa Thames. Koma amene ankalowa pansi tsiku ndi tsiku kuchotsa zotsekeka ambiri maina awo anaiwalika, ndipo zimandiwawa. Bambo anu ali m'gulu limenelo, ndipo inu muli ndi mwayi wowalemba.

Choyamba, ndipo musachedwe nacho, funani anzawo a kuntchito. Ambiri ndi okalamba tsopano. Akuloleni kujambula mawu awo pafoni. Musawafunse kuti "bambo anali munthu wotani?" chifukwa aliyense adzangoti anali munthu wabwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Funsani kuti usiku wovuta kwambiri umene anagwira nawo ntchito unali uti. Ndi dera liti lomwe linkasefukira chaka ndi chaka, ndipo analikonza bwanji? Ankawatchula dzina lanji lachibwana? Anaphunzitsa ndani ntchito? Munthu amene anaphunzitsidwa ndi bambo anuyo akhoza kukupatsani theka la mbiri yonse.

Kenako mapepala. Kalata yowalembera ntchito, makalata okwezedwa paudindo, ya penshoni, chitupa cha kuntchito, zithunzi. Izi zimakupatsani zaka zolondola, chifukwa pa zaka mitu ya anthu imasokoneza. Ku ofesi yoona za ogwira ntchito mungapemphe kuti akutsimikizireni chaka chimene analowa ndi chimene anapuma.

Popeza anakhala mumzinda umodzi moyo wonse, yendani m'njira zawo muli ndi kope m'manja: nyumba yomwe anabadwira, msewu womwe ankadzera popita kuntchito, malo omwe anali tchire ali mwana koma lero ndi nyumba zokhazokha. Lembani momwe mzinda unakulira iwo akuona, ndi mbali yomwe manja awo anagwira.

Chinthu chimodzi ndikupempheni: musawasandutse mngelo. Ngati anali aukali pa nkhani yosunga nthawi, kapena ankafika kunyumba atatopa osafuna kulankhula ndi munthu, lembani mwaulemu. Zidzukulu zidzawakonda kwambiri agogo amene akumveka ngati munthu weniweni. Nkhani iliyonse muziyikapo dzina la amene wakuuzani ndi tsiku lake, ndipo mukamaliza muwawerengere achikulire a m'banjamo musanasindikize, kuti akonze pomwe mwaphonya.