Ndale zikufunanji m'kalasi ya zanyengo?

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani mwana wanu ku yunivesite akuphunzira za misonkhano ya COP (ya bungwe la United Nations yokambirana za nyengo) ndi mapangano a maiko pomwe kosi yake ndi ya sayansi ya kusintha kwa nyengo. Ine ndimaphunzitsa kosi ngati yomweyo, ndiye ndiyankhepo.

Sayansiyo ndiyo timayambira. Masabata oyamba timakhala pa manambala a ku Mauna Loa, ku Hawaii, kumene akhala akuyeza mpweya wa carbon dioxide kuyambira 1958. Nthawi imeneyo unali cha pa 315 ppm (magawo 315 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya), lero wadutsa 420. Ana amaphunzira momwe mpweyawu umatsekera kutentha kuti kusatuluke, ndi momwe nyanja yotentha imawonjezerera mvula ya anamondwe. Izi amazigwira msanga.

Kalasi imasintha tikafika pa namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Ena mwa ophunzira anga anataya abale, ndipo sindingawaonetse chithunzi cha matope a ku Chilobwe ngati nkhani ya m'buku. Kuchuluka kwa mvulayo sayansi ikufotokoza bwino. Nanga nyumba zinapezeka bwanji m'mphepete mwa phiri la Soche? Mitengo inapita kuti? Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, magetsi n'kumazimazima kwa miyezi, mabanja a m'tauni ankaphikira chiyani ngati si makala? Mayankho ake ali m'malamulo a malo, m'bajeti ndi m'umphawi, ndipo zimenezo ndi ndale, tifune tisafune.

Mtsikana wina anandifunsa m'kalasi, "Aphunzitsi, utsiwu sitinafukize ndife, ndiye alipire ndani?" Funso limeneli ndilo limatitengera ku COP. Pa COP ya ku Copenhagen mu 2009 maiko olemera analonjeza maiko osauka madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020, chakacho chinakwana ndalama zisanakwane. Nkhani yothandiza maiko pa zoonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo anaiyambitsa ndi maiko a zilumba, motsogozedwa ndi Vanuatu, mu 1991, koma thumba lake anagwirizana mu 2022 ku Sharm el-Sheikh. Zaka 31! Zimandiwawa nthawi zonse ndikamaphunzitsa.

Ndale za zipani sitilowetsa m'kalasi, musade nkhawa. Chomwe timachita n'kugawa ana m'magulu, ena aimire Malawi, ena China, ena United States, akambirane mpaka agwirizane. Oimira Malawi amene sanawerenge manambala awo amagonja mphindi khumi zisanathe. Mwana wanuyo akabwera pa holide, mumufunse kuti anaimira dziko liti ndipo anapempha chiyani.