Funsani za Zida Zoimbira: Ampulifaya Yanga Ikusokosa, Ndigule Noise Gate Yotani?

Funso

A Mkonzi, ndine mnyamata wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu. Lamlungu ndimaimba gitala ya lidi kutchalitchi, ndipo Loweruka timaimba nyimbo za rock ndi anzanga atatu pamaukwati ndi m'malo achisangalalo. Achimwene anga a ku Joni ananditumizira ampulifaya yakale ya ma valve imene mawu ake ndimawakonda kwambiri, koma ndikangokweza gain (mphamvu yokulitsira mawu a gitala) imayamba kulira "sssss" ngati tchipisi chili m'chiwaya, ndipo nthawi zina imang'ung'udza "mmmm" ndisanakhudze n'komwe nsambo. Sabata yatha abusa anachita kundicheukira pemphero lili mkati, ine n'kuizimitsa mwamanyazi. Anzanga akuti ndigule noise gate. Ndigule yotani, poti ndalama n'zochepa ndipo zinthu zotere timachita kuitanitsa osaziyesa kaye?

Woimba gitala, Chibavi

Yankho

Zikomo achimwene chifukwa cha kalata yanu. Za pedal (kachipangizo koponda ndi phazi) yoti mugule ndikuuzani, koma mundilole ndiyambe ndi mfundo imene ambiri amaizindikira ndalama zitapita kale: noise gate sichotsa phokoso. Ntchito yake ili ngati ya mlonda wa pageti. Mawu ochokera ku gitala akakhala amphamvu kupitirira mlingo umene mwaika, umene pa pedal amaulemba kuti threshold, mlonda amatsegula ndipo zonse zimadutsa, nyimbo ndi phokoso lomwe. Mukasiya kuimba, mawu n'kutsika pansi pa mlingowo, amatseka ndipo sipika imati zii. Pa nthawi ya pemphero idzakupulumutsani ndithu, koma ngati phokoso lili lalikulu mudzakakamizika kukweza threshold mpaka mlonda uja ayambe kudula mawu amene mumafuna kuti atalike n'kuzilala okha. Woimba lidi amamva kuwawa pamenepo, chifukwa kukoma kwa lidi kuli m'mawu otalikawo.

M'kalata mwanu mwatchula maphokoso awiri, ndipo magwero ake ndi osiyana. La "sssss" lija limabadwira mu ampulifaya momwemo. Ampulifaya za ma valve za gain yaikulu, monga Peavey 6505 kapena Mesa Boogie Dual Rectifier, zinapangidwa kuti zidutsitse mawu a gitala m'ma valve angapo motsatizana, iliyonse n'kumakulitsa zimene yalandira kwa inzake. Gain ikafika ma decibel 60, ndiye kuti mawu achulukitsidwa ka 1,000, ndipo kaphokoso kakang'ono kamene kamakhala m'chida chilichonse cha magetsi nako kachulukitsidwa chimodzimodzi. Chimenechi si chilema ayi, ndi chibadwa cha ampulifaya zotere, ndipo apa m'pamene noise gate imagwira ntchito yake yeniyeni. Koma yambani mwatsitsako gain pang'ono. Anyamata ambiri amaikweza mpaka kumapeto akamayeserera okha m'chipinda, chonsecho pagulu, ng'oma ndi bezi zikulira, gain yapakatikati ndi imene imamveka bwino m'makutu mwa anthu.

La "mmmm" ndi nkhani ina. Magetsi athu kuno ku Malawi ndi a mavoti 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi iliyonse, kotero kung'ung'udza kumene mukumvako ndi liwu la magetsiwo likulowa m'njira ya mawu a gitala. Limalowera pa ma pickup (timaginito ta pagitala totola kulira kwa nsambo), pa kebulo yotha, pa adaputala ya ma pedal, kapena pa soketi imene ilibe waya wa earth. Phokoso ili ndi lofunika kulisaka ndi kulithetsa, osati kulibisa, ndipo kulisaka sikulira ndalama.

Chitani chonchi tsiku lina masana, kutchalitchi kulibe anthu. Yatsani ampulifaya pa gain imene mumaimbira, gitala mutailumikiza mwachindunji popanda pedal iliyonse pakati, kenaka tsitsani voliyumu ya pagitala mpaka pa ziro. Phokoso likatha, ndiye kuti likulowera pagitala. Likapitirira, zulani kebulo ku ampulifaya: likatha apo, kebulo ndiyo yolakwa, koma likakhalapobe, vuto lili mu ampulifaya kapena pasoketi. Ngati mwapeza kuti ndi gitala, kwezaninso voliyumu ndipo tembenukani pang'onopang'ono pamalo amene mwaimapo, gitala ili pamimba. Mudzamva phokoso likukwera mukaloza kwina, n'kutsika mukaloza kwina, chifukwa pickup imatola mphamvu yochokera ku thiransifoma ya ampulifaya yanu yomwe, ku mababu ena a LED ndi machubu aatali aja, ku matchaja a foni, ngakhale ku foni imene ili m'thumba mwanu. Kungosuntha mapazi atatu kuchoka pamene pali ampulifaya nthawi zina kumachepetsa phokoso kuposa mmene pedal yodula ingachitire.

Onaninso mtundu wa ma pickup anu. A single coil, monga a pa Fender Stratocaster ndi magitala ambiri otengera pamenepo, amatola kung'ung'udza mwachibadwa, ndipo pa gain yaikulu amavuta zedi. Humbucker, imene Seth Lover anapangira kampani ya Gibson m'zaka za m'ma 1950, ili ndi makoyilo awiri olumikizidwa mwa njira yoti phokoso la ina lifafanize la inzake. Ngati gitala yanu ili ndi humbucker chakumunsi, imbirani pamenepo nyimbo zaukali. Pa magitala ambiri a single coil zitatu, kuika switch pa malo achiwiri kapena achinayi kumachepetsanso phokosoli.

Kuno ku Mzuzu tili ndi mdani wina, chinyontho. Nyengo ya mvula ndi ya chiperoni, zida zikagona m'chipinda chozizira, mitu ya makebulo ndi mabowo ake zimachita dzimbiri losaoneka bwino ndi maso, ndipo kulumikizana kukafooka phokoso limalowa. Pukutani mituyo ndi kansalu kouma, ndipo kebulo imene imalira "kwere kwere" mukaigwedeza muipumitse. Ma pedal anu muwabwezere imodziimodzi mukumvetsera. Mukakayikira adaputala, yesani pedalyo ndi batire ya mavoti 9: ikakhala chete pa batire, mwampeza wolakwa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Tsiku lina pa ukwati ku Luwinga tinavutika ndi kung'ung'udza kuyambira m'mawa, ndipo titatsegula ekisitenshoni imene tinabwereka tinapeza kuti ili ndi mawaya awiri okha, wa earth mulibe, ngakhale pulagi yake inali ya mano atatu. Titasintha, phokoso linatha nthawi yomweyo. Ena akamva phokoso amachita zosiyana ndi zimenezi: amathyola dzino la earth kapena kulowetsa mawaya opanda pulagi m'soketi ndi kamtengo. Musadzayerekeze. Nsambo za gitala yanu n'zolumikizidwa ku chitsulo cha ampulifaya, ndipo chikalakwika china mkatimo popanda earth, magetsi amadutsa m'thupi mwanu. Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pasiteji ku Swansea mu 1972 atagwidwa ndi magetsi pokhudza maikolofoni. Popeza ampulifaya yanu yachokera ku Joni kumene mapulagi ake ndi a mano obulungira, pezani mmisiri aikepo pulagi yathu ya mano atatu molondola m'malo modalira tiadaputala tosagwira bwino. Mukamaimbira pa jenereta, funsaninso ngati aikhomera earth. Ndipo musatsegule ampulifaya ya ma valve nokha, chifukwa imasunga magetsi oopsa ngakhale mutaizimitsa. Ngati mukukayikira kuti valve ina yatopa, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Mukathana nazo zonsezi n'kutsala ndi "sssss" yekha, pamenepo gulani noise gate, ndipo chachikulu choti muyang'ane si dzina koma mabowo ake. Gate ya mabowo awiri, lolowera ndi lotulukira, mukaiika pakati pa gitala ndi ampulifaya imatseka phokoso la gitala ndi la ma pedal okha, pamene "sssss" wanu akubadwira kutsogolo kwake, mkati mwa ampulifaya. Mukhoza kuiika kumbuyo kwa ampulifaya pa mabowo olembedwa send ndi return, ndipo idzatseka, koma kumeneko imamva mawu amene gain yawapanikiza kale, moti kusiyana kwa nyimbo yozilala ndi phokoso kumakhala kochepa ndipo mlonda amasokonezeka. Gate ya mabowo anayi imathetsa vutoli: imamvetsera gitala yoyera isanalowe mu ampulifaya, koma n'kukatsekera pa send ndi return paja, pamene pamadutsa phokoso.

Pa zimene zili ndi mabowo anayi, ine ndingakulozereni Boss NS-2. Inatuluka mu 1987, ndi yachitsulo cholimba chopirira maulendo a pa minibasi, ndipo chifukwa chakuti zinagulitsidwa zambiri, achimwene anu sangavutike kupeza yogwiritsidwapo kale ntchito ku Joni. Ili ndi threshold, decay (nthawi imene imatenga potseka), ndi posankhira ngati mukufuna ichepetse phokoso kapena itsekeretu mawu onse mukaiponda, zimene zingakuthandizeni kutchalitchi. Kulumikiza kwake n'kotere: gitala ilowe pa input ya pedal, send ya pedal ipite kutsogolo kwa ampulifaya, send ya kumbuyo kwa ampulifaya ibwere pa return ya pedal, ndipo output ya pedal ipite pa return ya ampulifaya. Pafunika makebulo anayi abwino, choncho muwawerengere pa ndalama zanu. Thumba likapereweratu, Behringer NR300 inapangidwa motengera njira yomweyo pa mtengo wotsika, kungoti thupi lake ndi lapulasitiki ndipo imafuna kuisamala. Thumba likalola, ISP Decimator II G-String ili ndi batani limodzi lokha ndipo oimba nyimbo zaukali amaikonda chifukwa imatsatira bwino kuzilala kwa mawu. Muonetsetse kuti dzina la G-String lilipo, popeza Decimator inayo ilibe njira imeneyi. TC Electronic Sentry nayo ili ndi send ndi return, komanso posankhira kuti ilimbane ndi "sssss" makamaka. MXR Smart Gate ndi yabwino, koma ndi ya mabowo awiri, ndipo pa vuto lanu sindingaiike patsogolo.

Poitchera, tsitsani threshold mpaka pansi, gwirani nsambo kuti zisalire, ndipo kwezani pang'onopang'ono kufikira pamene phokoso langotha kumene, n'kulekera pomwepo. Kenaka imbani liwu limodzi lalitali mulisiye lizilale lokha. Likaduka msanga, bwezani threshold pang'ono kapena talikitsani decay. Nyimbo za rock zodukizadukiza zimafuna decay yaifupi, pamene nyimbo zofatsa za kutchalitchi zimafuna yaitali, ndiye musadabwe kuti Loweruka ndi Lamlungu muzidzatchera mosiyana. Ngati muli ndi delay kapena reverb, ma pedal obwereza ndi kutalikitsa mawu, zikhale pambuyo pa gate, apo ayi idzadula mchira wa mawu ake. Ma pedal a Boss ndi ambiri otere amadya mavoti 9 pa adaputala imene pakati pa kamutu kake ndi negative, choncho yang'anani chizindikirocho musanalumikize, chifukwa adaputala ya wailesi kapena ya kiyibodi ikhoza kuipsereza tsiku loyamba.

Funso

A Mkonzi, ine ndimagwiritsa ntchito multi-effects ya Zoom (makina okhala ndi ma pedal ambiri mkati) pa kwaya yathu, ndipo ndikasankha distortion (mawu aukali a rock) pamabwera phokoso. Kodi nanenso ndifunika kugula noise gate?

Mayi woimba gitala, Katoto

Yankho

Ayi mayi, sungani ndalama zanu. Ma multi-effects a Zoom ali nayo kale mkati, ndipo imalembedwa kuti ZNR. Pa za Boss amailemba kuti NS. Iikeni kumayambiriro kwa mndandanda wa ma effect kapena itangotha distortion, muyese malo onse awiri kuti mumve pamene ikugwira bwino, ndipo muitchere monga ndafotokozera mnzathu wa ku Chibavi. Pa makina amenewa patch iliyonse, kutanthauza gulu la ma effect limene mwasunga, imasunga matcheredwe akeake, choncho mudzafunika kuchita zimenezi pa patch iliyonse imene ili ndi distortion, n'kuisunga musanapite pa ina.