Kumasulira EAT-26 m'Chichewa: kodi kubwezera m'Chingerezi n'kokwanira?

Wophunzira wina wa zaumoyo watitumizira imelo. Akufuna kufufuza za matenda a kadyedwe pakati pa atsikana a m'sukulu za sekondale zogonera komweko, ndipo wasankha EAT-26, mndandanda wa mafunso 26 umene David Garner ndi anzake anatulutsa ku Toronto mu 1982. Akuti mphunzitsi wa Chichewa wamasulira kale mafunsowo, munthu wina wawabwezera m'Chingerezi, ndipo zagwirizana. Akufunsa ngati angayambe kugawa mapepala.

Dikirani kaye, achemwali. Kubwezera m'Chingerezi kumangosonyeza kuti mawu sanasochere panjira. Sikukuuzani ngati mtsikana amene wafika pa mapointsi 20, omwe ndi malire a EAT-26 oyambira kukayikira kuti munthu akudwala, akudwaladi. Ku South Africa, Daniel le Grange ndi anzake anacheza pamasom'pamaso ndi achinyamata a m'madera osauka amene anapeza mapointsi okwera, ndipo mu 2004 analemba kuti ena mwa iwo ankangoganizira za chakudya chifukwa kwawo kunalibe. Papepala ankaoneka ngati odwala anorexia, matenda odzimana chakudya mpaka kuonda kwambiri, koma vuto linali njala. Kuno kwathu, mukagawa mafunsowa mu Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zitauma, funso lakuti "maganizo anga amangokhala pa chakudya" lidzakunamizani chimodzimodzi. Choncho onjezerani mafunso 9 a HFIAS oyeza kusowa kwa chakudya pakhomo, ndipo lembani mwezi umene mwafunsa. Funsaninso ngati munthu akusala kudya chifukwa cha Ramadani kapena mapemphero a ku tchalitchi.

Mafunso ena sagwira n'komwe. Lina limafunsa ngati munthu amadula chakudya chake m'tizidutswa ting'onoting'ono. Amene analemba ankaganiza za mpeni ndi foloko, pamene wodya nsima aliyense amatema mbamu, ndiye adzayankha kuti "nthawi zonse" n'kupatsidwa mapointsi 3 aulere. Lina limafunsa ngati mumadziwa makalori a zimene mukudya, chinthu chimene mtsikana wodya nsima ya nyemba ya kudayining'i sanawerengepo. Lakuti "ena amafuna kuti ndizidya kwambiri" ndi lovutanso, chifukwa mayi kapena azakhali kukakamiza mwana kuti awonjezere ndi chikondi chabe, ndipo kuonda kunakhala zaka zambiri kukuganiziridwa kuti ndi Edzi.

Njira imene ofufuza ambiri amatsata ndi ya Dorcas Beaton ndi anzake ya mu 2000. Omasulira akhale awiri, osaonana: mmodzi wodziwa zachipatala, wina wosadziwa, kuti abweretse Chichewa cha tsiku ndi tsiku. Aphatikize ntchito yawo, kenako anthu ena awiri amene sanaonepo mafunso oyambirira abwezere m'Chingerezi. Komiti ya dokotala wa matenda a maganizo, katswiri wa zakudya, wa chilankhulo ndi omasulira onse ikambirane funso lililonse, ndipo chilichonse chimene mwasintha mulembe pamodzi ndi chifukwa chake. Musanasinthe kanthu pemphani chilolezo kwa eni mafunsowo.

Gawo limene ophunzira amalumpha pothamangira nthawi ndi loyesa pa anthu 30 mpaka 40. Apa simukuwerenga mapointsi ayi. Mumakhala ndi mtsikana mmodzimmodzi, ayankhe funso, inu n'kumufunsa kuti: walimva bwanji, unganene bwanji m'mawu ako, unaganiza za chiyani poyankha? Wofunsa akhale wamkazi, ndipo asakhale mphunzitsi wake. Yang'anitsitsani mayankho 6 aja, kuyambira "nthawi zonse" mpaka "sizichitika n'komwe". M'Chichewa "kawirikawiri" ndi "nthawi zambiri" anthu ambiri amawamva mofanana, pamene pa EAT-26 yankho lina limapatsa mapointsi 2, lina 1. Ngati sakusiyanitsa, jambulani makapu odzaza mosiyanasiyana pambali pa mawuwo. Funso la 26 limawerengedwa mozondoka, ndipo ambiri amaiwala zimenezi polowetsa manambala mu kompyuta.

Zikatha izi ndiye mupite kwa anthu ochuluka. Pa funso lililonse pakhale oyankha 10, kutanthauza 260, koma kufika 300 ndi bwino chifukwa mapepala ena amabwera osamaliza. Cronbach alpha, nambala yosonyeza mmene mafunso akugwirizanira, isatsike pa 0.70, ngakhale kuti nambala imeneyi anthu amaikweza kuposa muyeso: mafunso akhoza kugwirizana bwinobwino koma onse akuyeza njala. Gulu lochepa liyankhenso pakatha masabata awiri kuti muone ngati mayankho sakusinthasintha. Chitani factor analysis, njira yoonera mmene mafunso akugawikira m'magulu, kuti muone ngati magawo atatu amene Garner anapeza m'mafunsowa akuonekera, ndipo akapanda kuoneka lembani zomwe mwapezazo, musakakamize. Chofunika koposa ndi chakuti dokotala amene sakudziwa mapointsi a munthu acheze ndi ena mwa okwera ndi ena mwa otsika. Ndi pokhapo pamene mungadziwe ngati malire a 20 akugwira ntchito kwa ife.

Otsikawo musawasiye, chifukwa mafunso amathanso kuphonya wodwala weniweni. Sing Lee wa ku Hong Kong anasonyeza mu 1993 kuti odwala anorexia oposa theka mwa 70 amene anawaona sankaopa kunenepa. Ambiri ankadandaula za kutupa m'mimba kapena kusamva njala. EAT-26 imadalira kwambiri mantha a kunenepa, ndiye otere amadutsa. Ku Fiji, Anne Becker pomasulira EDE-Q, mndandanda wina wa mafunso a matenda a kadyedwe, anawonjezera funso la mankhwala azitsamba otsegula m'mimba, ndipo atsikana ambiri amene ankadzitsuka m'mimba anapezeka kudzera pamenepo. Inunso funsani atsikanawo zimene anzawo amamwa pofuna kuonda, komanso pofuna kunenepa kapena kukulitsa mahipi, poti kusakhutira ndi thupi kuno kumapita mbali zonse ziwiri. Ngati mugwiritsa ntchito zithunzi za matupi, za Stunkard za mu 1983 zinajambulidwa potengera azungu. Za Pulvers za mu 2004 zinapangidwira anthu akuda a ku America, komabe ziyeseninso.

Zonsezi zilowe mu pulopozo yanu isanapite ku komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo, monga NHSRC. Atsikana osakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha makolo pamwamba pa kuvomera kwawo, ndipo mulembe dzina la chipatala ndi wachipatala amene adzalandire mtsikana wovomera kuti amadzisanzitsa akadya.