Mtengo wa Mondrian unalowera kuti?

Mayi wina amene amaphunzitsa ana luso lojambula andilembera imelo kufunsa chifukwa chimene anthu amanenera kuti zithunzi za Piet Mondrian zinachokera m'chilengedwe, pamene iwo akaziyang'ana amangoona mizere yakuda yowongoka ndi timabokosi tofiira, tabuluu ndi tachikasu. Funso lanu ndi lomveka, mayi, ndipo yankho lake lili pa zithunzi zitatu za mitengo zimene zimasungidwa ku Kunstmuseum, nyumba yoonetsera zojambulajambula mumzinda wa The Hague, m'dziko la Netherlands kumene Mondrian anabadwira mu 1872.

Choyamba anachijambula pakati pa 1908 ndi 1910, ndipo aliyense akhoza kuzindikira kuti ndi mtengo, ngakhale kuti thunthu lake lopindika analipaka utoto wofiira umene khungwa lenileni silikhala nawo, kumbuyo kwake kuli buluu wa madzulo. Mu 1911, chaka chimene anaonera ku Amsterdam zithunzi za Picasso ndi Braque, akatswiri ojambula a nthawi imeneyo, anajambula mtengo wotuwa, ndipo ine chithunzi chimenechi ndimachiona kuti ndicho mtima wa nkhani yonse. Mukachiyang'anitsitsa, nthambi zasanduka mizere yakuda yokhota ngati uta, pamene mipata ya pakati pa nthambizo anaipaka utoto wokhuthala, woyera ndi wotuwa, umene mabulashi ake akuonekerabe, moti mpata umene timautcha wopanda kanthu ukulemera mofanana ndi mtengo weniweniwo. Masamba palibe, nthaka siyikuoneka bwino, koma kayendedwe ka nthambi kali pomwepo. Pofika 1912, atasamukira ku Paris, pa chithunzi chachitatu mtengo wa apozi wochita maluwa unatsala timizere tokhota tokumana pakati, ndipo munthu wosadziwa dzina la chithunzicho sangaganize msanga za mtengo.

Mizere yowongoka inabwera pambuyo pake. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itamutsekereza kwawo mu 1914, ankajambula nyanja ya ku tauni ya Domburg ndi mitengo yozikidwa m'madzi, ndipo pofika 1915 mafunde anali atasanduka timizere topingasa pamene mitengoyo inasanduka timizere toimirira.

Choncho ana anu musayambe ndi kuwasonyeza timabokosi. Muwatengere pansi pa mtengo wothothoka masamba m'chilimwe, ajambule mipata ya pakati pa nthambi osati nthambizo, kenaka muwasonyeze mtengo wotuwa uja.