Mafunso a Owerenga: Kodi Ntchito Yoyang'anira Makina Oyeza Cheza cha Nyukiliya Ndi Yoopsa?

FUNSO: Akonzi, ndine mtsikana wa ku Namwera ndipo ndili ndi dipuloma ya zamagetsi. Pakadali pano ndimakonza masola ndi mainiveta pa Mangochi Boma. Ndamva kuti kuli mainjiniya oyang'anira makina ozindikira cheza cha nyukiliya m'malire a mayiko, ndipo mtima wanga uli pa ntchito imeneyi. Koma amalume akukaniza, akuti imayambitsa khansa ndipo mkazi akaigwira sadzabereka. Kodi ntchitoyi ndi yotani kwenikweni, nanga Mmalawi angaipeze bwanji?

Wowerenga wa ku Namwera, Mangochi

YANKHO: Chemwali, amalume anu sakulankhula zopanda mutu, chifukwa cheza cha nyukiliya chikachuluka m'thupi chimayambitsadi khansa ndiponso chimawononga mphamvu yobereka. Pamene ndikusiyana nawo ndi poti amene ali pangozi yaikulu ndi munthu amene wagwira chinthu chotulutsa cheza asakudziwa, pomwe injiniya amakhala ndi makina omuchenjeza.

Mu 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, amuna awiri ofuna zitsulo zakutha analowa m'chipatala chimene chinali chitasiyidwa n'kutengamo mutu wa makina ochizira khansa. Ataugulitsa, wogula zitsuloyo anaona kuti m'katimo muli ufa wowala mwa buluu mumdima, ndipo pokopeka nawo anagawirako abale ndi anzake. Ufawo unali caesium-137. Anthu anayi anamwalira, mmodzi mwa iwo kamtsikana ka zaka 6, ndipo anthu pafupifupi 112,000 anayezedwa. Palibe aliyense wa iwo amene akanadziwa zimene wagwira, popeza cheza sichioneka, sichinunkha ndipo sichimveka pakhungu mpaka chitavulaza kale. Kuyambira 1995, bungwe loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse la IAEA, lomwe likulu lake lili ku Vienna, limasunga kaundula wa zinthu zotere zimene zasochera, zabedwa kapena zagwidwa zikuzembetsedwa, ndipo nkhawa ina ndi yakuti zikhoza kufika m'manja mwa anthu ofuna kupanga nazo bomba.

Musaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya kunja kokha. Makampani omanga misewu amagwiritsa ntchito kabokosi koyezera ngati dothi latsenderezeka mokwanira, ndipo m'kabokosimo mumakhala caesium-137 yemweyo. Ku Karonga kuli mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, umene unayamba ntchito mu 2009. Dziko lathu linalowa m'bungwe la IAEA mu 2006, ndipo lamulo la mu 2011 linakhazikitsa bungwe la AERA, lopereka ziphaso ndi kuyendera onse osunga zinthu zotulutsa cheza. Choncho mukadzaona chitsulo cholemera modabwitsa chokhala ndi chizindikiro cha masamba atatu akuda pachikasu kwa ogula zitsulo, musadzachigwire, koma mudzadziwitse apolisi ndi a AERA.

Tsopano za makinawo. Pamalire kapena padoko pamene anaikidwa, mumaona zipilala ziwiri mbali ndi mbali mwa msewu, ndipo thiraki imadutsa pakati pake pang'onopang'ono. M'zipilalamo mumakhala pulasitiki yapadera imene imathwanima kakuwala kochepa kwambiri cheza cha gamma chikaigunda, kenaka chubu chotchedwa photomultiplier chimasandutsa kuwalako kukhala magetsi oti kompyuta iwerenge. Mumakhalanso machubu a mpweya wa helium-3 ogwira tinthu ting'onoting'ono totchedwa ma neutron, timene timatuluka mu plutonium, chitsulo chopangira mabomba a nyukiliya. Makinawo akalira, wogwira ntchito pachipatapo amaimitsa galimotoyo pambali n'kuizungulira ndi kachipangizo ka m'manja kamene kamatchula dzina la chinthu chimene chikutulutsa chezacho, chifukwa chinthu chilichonse chili ndi mulingo wakewake wa mphamvu, woyezedwa mu keV: caesium-137 amaonekera pa 662 keV, pomwe potaziyamu wachilengedwe amaonekera pa 1461 keV.

Apa ndi pamene pagona ntchito ya injiniya, ndipo ndikufuna mupamvetse bwino. Nthawi zambiri makinawa akalira sipakhala choipa chilichonse. Feteleza wokhala ndi potashi amawaliritsa, matailosi ndi miyala ya granite chimodzimodzi, ngakhalenso munthu amene wangolandira kumene mankhwala a ayodini wa cheza kuchipatala. Mvula yoyamba kugwa imatsitsa tizinthu tochokera ku mpweya wa radon, ndipo kwa maola angapo cheza cha pamalopo chimakwera chokha. Tayerekezani chipata ngati cha Chiponde m'nyengo yokonzekera dzinja, mathiraki a katundu atandanda mzere kuchokera ku Mandimba. Makina akamalira pagalimoto iliyonse, ogwira ntchito amatopa n'kuyamba kuwanyalanyaza, mwinanso kuwazimitsa kumene; akachunidwa mogontha, chinthu choopsa chobisidwa m'kati mwa mtovu chimadutsa popanda wochiona. Injiniya ndiye amapeza mulingo woyenera, amayesa makinawo ndi tizidutswa ta cheza todziwika mphamvu yake, amawerenga zimene kompyuta yasunga kuti aone ngati chubu china chayamba kufooka, ndipo amaphunzitsa a kasitomu ndi apolisi zoti achite makina akalira.

Mbali ina ya ntchitoyi mukuidziwa kale. Adani aakulu a makinawa ndi kutentha konga kwa kuno mu Okutobala, fumbi, chinyontho, mphezi, kuthimathima kwa magetsi ndi mabatire ofooka. Makina odula oterewa akhoza kukhala miyezi osagwira ntchito chifukwa cha fyuzi kapena waya wodyedwa ndi makoswe, ndipo ine ndimaona kuti munthu amene anazolowera kufufuza vuto la inveta ndi mita m'manja ali ndi maziko amene ambiri odziwa za m'mabuku zokha alibe.

Za thanzi, mukawafotokozere amalume kuti zipilalazi sizitulutsa cheza, zimangomvetsera, mosiyana ndi makina a X-ray ounikira katundu. Wogwira ntchito amavala kachipangizo kolemba cheza chonse chimene thupi lake lalandira, ndipo malamulo a padziko lonse salola kuti chipitirire 20 mSv (mSv ndi muyeso wa cheza chimene thupi lalandira) pachaka tikatenga avereji ya zaka zisanu. Munthu aliyense amalandira pafupifupi 2.4 mSv pachaka kuchokera m'nthaka, m'chakudya ndi mumlengalenga. Cheza chimene chingatseke mayi kuti asaberekenso chimaposa mulingo wa wantchito uja maulendo oposa 100. Mayi akakhala woyembekezera amadziwitsa abwana ake, ndipo ntchito yake imasinthidwa kuti mwana wa m'mimbayo asalandire zoposa 1 mSv. Chitetezo chimenechi chimadalira kutsatira malamulo tsiku ndi tsiku, choncho osadzavomera kugwira ntchito pamalo pamene sakukupatsani kachipangizo kameneka.

Njira yake ndi yaitali ndithu, ndipo ntchitozi n'zochepa. Dipuloma yanu ikufunika kukwezedwa kufika pa digiri ya uinjiniya wa zamagetsi kapena ya fizikisi, ndipo mukhoza kufunsira ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo kapena ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba. Onjezeraninso luso la makompyuta ndi kulemba malipoti m'Chingerezi, chifukwa injiniya wa ntchito imeneyi amalemba zambiri. Mukatero, yambirani pafupi, monga ku AERA, kumgodi kapena kumbali ya chipatala yoona za makina ounikira, popeza maphunziro ambiri a IAEA amapita kwa anthu amene boma lawo lawasankha kuchokera m'malo oterewa. Ku Trieste, m'dziko la Italy, kumachitika sukulu yaifupi ya chitetezo cha zinthu za nyukiliya imene IAEA imayendetsa pamodzi ndi bungwe lofufuza za fizikisi la ICTP, ndipo kuyambira 2020 IAEA ili ndi thandizo la Marie Skłodowska-Curie lolipirira amayi digiri yachiwiri m'maphunziro a nyukiliya. Ntchito za ku Vienna zenizenizo zimafuna zaka zingapo za luso, ndipo zimalengezedwa pa tsamba la IAEA la pa intaneti. Kufunsirako n'kwaulere, choncho wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mumutumizire ndalama kuti akupezereni malo, musatumize.